Munthu Amene Anasalaza Pansi pa Nyanja

Panali munthu wina wa ku Mwanza amene ankaweta nyanja mu kompyuta. Dzina lake anali Dzinkambani. Anzake amaweta mbuzi, ena nkhunda. Iyeyu sukulu inamunyamula n'kukamutula kutali, mu mzinda wina wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kumeneko anamupatsa nyanja kuti aziweta.

Musaganize kuti ankathiramo madzi ndi ndowa. Nyanja yakeyo inali ya masamu okhaokha. Anatenga nyanja yeniyeni, ija yaikulu imene sitima imayendamo mpaka woyendetsa kumera imvi, n'kuigawa mabokosimabokosi. Bokosi lililonse analilangiza kuti: iwe madzi ako ndi ozizira chonchi, mchere wako ndi wochuluka chonchi, mnzako wa kumpotoyu uzimupatsirako chonchi. Akatero ankadina batani, kompyuta n'kuyamba kuganiza.

Kompyutayo sinali ngati izi mumaziona m'masitolo. Inali yodzaza nyumba yonga tchalitchi. Ikamaganiza inkatentha moti mukanaika chimanga chachiwisi pamwamba pake, mukanadya chowotcha musanamalize kupatsana moni. Ndipo m'kati mwake nthawi inkathamanga ngati yaba nkhuku. Munthu ankatuluka kukamwa tiyi, pobwera n'kupeza nyanja yakalamba kuposa agogo ake.

Nanga ankaiwetera chiyani? Nkhani yake ndi iyi. Dzuwa limawotcha nyanja kuno pakati pa dziko. Koma kumapeto kwenikweni kwa dziko, kumene madzi amauma gwa ngati mwala, kumazizira koopsa. Kumeneko madzi ozizira ndi amchere amalemera, n'kumira mpaka pansi, n'kuyamba kukwawa mu mdima, pang'onopang'ono kuposa nkhono, kulowera kuno kotentha. Apamwamba ofunda nawo amanyamuka kukalowa m'malo mwawo. Ndiye nyanja imakhala ikutembenuka, monga mmene amatembenuzira ufa pa mphasa kuti uume ponseponse. Kutembenuka kumeneku ndi kumene kumasenza kutentha, kukuchotsa uku n'kukakutula uko. Kutentha kukakhala pamalo pake, mitambo imadzuka pamalo pake, mvula n'kudziwa njira ya ku Mwanza. Kutentha kukasochera, mvula nayo imasochera. Dzinkambani ankaweta nyanja kuti adziwiretu kumene mvula idzalowere.

Kumudzi kunatsala mkulu wake, a Sandalamu. Iwowa sukulu anatsanzikana nayo mwamtendere adakali aang'ono, ndipo ankasamala munda wa manachesi umene malemu bambo awo anabzala. Munda umenewo unali ulemu wa banja. Nyengo yozizira ikafika, nthambi zinkalemera mpaka kuchita kuzichirikiza ndi mphanda, ndipo fungo lake linkaimitsa mabasi pamsewu. Manachesi amenewo ndiwo anaphunzitsa Dzinkambani. A Sandalamu ankamuseka mphwawoyo za nyanja yake yosanyowetsa, koma mumtima ankakhulupirira mawu ake ngati kuti atsika kumwamba.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa nkhani yonse yagona apa.

Pansi pa nyanja si pabwalo la mpira. Pali mapiri, pali maphompho, pali zigwembe. Ndipo anthu sanayezemo monse. Mapu ake ndi a zigambazigamba, pena poyezedwa bwino, pena pongoganizira. Komanso mabokosi a Dzinkambani anali aakulu, moti limodzi linkatha kumeza boma lonse la Mwanza n'kutsala malo oimikapo njinga. Bokosi lalikulu choncho limalola kuya kumodzi basi, silidziwa kuti kuno kuli chitunda, uko kuli dzenje. Chinanso, kompyuta imadana ndi mabampu. Ikakumana ndi phompho lodzidzimutsa imatsamwa, manambala n'kupenga, yonse n'kuzima. Choncho oweta nyanja ali ndi chizolowezi chawo. Asanayambe ntchito amayamba asalaza pansi pa nyanja yawoyo, monga mmisiri asalazira pulasitala pakhoma. Si chinyengo ayi. Ndi mmene ntchitoyo imagwiridwira.

Dzinkambani pa kusalaza anali katswiri. Anali munthu woti ngakhale mpango wopukutira thukuta ankachita kuusita.

Pa mapu ake panali phiri lalitali, logona mopingasa njira ya madzi ozizira aja, ngati khoma la damu. Pakati pa phirilo panali kadontho kamodzi, muyezo umene sitima ina yakalekale inasiya. Kadonthoko kankanena kuti pamenepo m'pakuya kwambiri, kuposa ponse pozungulira. Dzinkambani anakayang'ana n'kupukusa mutu. Anati mumtima, amene anayeza apa anali akuwodzera. Anakasalaza. Phiri linakhala losalala ngati mutu wometa kumene, kompyuta n'kuyenda bwinobwino osatsokomola.

Mu nyanja yakeyo madzi ozizira ankafika pa phirilo, n'kuunjikana kuseri kwake, n'kusefukira pamwamba, n'kupitiriza ulendo. Zonse zinkaoneka zolongosoka. Tsiku lina anauza kompyuta kuti ithamangire kutsogolo, dziko likumatentheratenthera monga mmene likuchitiramu. Anakhala pampando n'kumaonerera. Madzi ozizira anayamba kuchepa. Anatsika, anatsikabe, mpaka analephera kufika pamsonga pa phiri. Anaima. Zii. Kutentha kunasowa wokusenza, n'kuunjikana posayenera. Ndipo pa mapu a mvula, dera la kwawo linafiira ngati dothi la katondo.

Anabwereza. Zomwezo. Anabwerezanso. Zomwezo. Tiyi wake anazizira m'kapu osamwedwa.

Tsoka ilo, madzulo omwewo foni inalira. Anali a Sandalamu.

"Mphwanga, kuli bwanji kumadziko? Mawu akowo ngati wagwidwa ndi malungo."

"Ayi achimwene, ndi ntchito chabe."

"Nyanja yako ija yatayika? Ndinakuuza ine kuti uziika pa tebulo lolimba."

Masiku onse Dzinkambani akanaseka. Tsiku limeneli sanaseke. Mawu anangotuluka okha.

"Achimwene, mvula idzatithawa kwathuko. Mtsinje wa pansi pa nyanja udzaima, ndipo ukadzaima manachesi sadzapirira."

"Liti?"

"Tsiku sindingalitchule. Koma ana anu adzaziona. Mwina inunso."

"Wanena ndani?"

"Kompyuta."

"Ija yonga tchalitchi?"

"Yomweyo."

Pafonipo Dzinkambani ankamva nkhuku zikulira kumudzi. Kenako a Sandalamu anangoti, "Chabwino," n'kudula foni.

Sipanapite nthawi, anaimbanso. Ulendo uno panalibe nthabwala.

"Mphwanga, ndaganiza. Mtengo ukauma wokha umadyedwa ndi chiswe, munthu osapezapo kanthu. Tikangomaliza kuthyola a chaka chino, ndigwetsa munda wonse ndiwotche makala mitengo idakali ndi thupi. Kenako tione kolowera."

"Achimwene, musafulumire! Mitengo ya bambo imeneyo!"

"Ukundiuza ine? Ndani ankaithirira iwe uli m'kalasi? Iwe unaphunzira, wanena. Ine ndamva. Kapena ukufuna kundiuza kuti makina akowo amanama?"

Kunena kuti amanama, Dzinkambani sakanatha, chifukwa masamu ake anali owongoka. Kunena kuti sanama, sakanathanso. Pamenepo m'pamene anazindikira chinthu chochititsa manyazi. Madzi amene ankawanenerawo, amene nkhwangwa inkanoledwa chifukwa cha iwo, iye anali asanawakhudzepo ngakhale ndi chala. Ndipo kadontho kaja kanamubwerera m'maganizo, n'kumuyang'ana ngati diso.

Koma munthuyu ankaopa madzi. Musaseke. Woweta nyanja ameneyu, basi ikamawoloka mlatho wa pa Zalewa, ankatsinzina mpaka kondakitala kumugwedeza kuti tawoloka kale.

Mu mzinda womwewo munali gulu lina la anthu a nyanja, oyeza. Awa sakhala m'nyumba. Amakwera sitima, n'kukatsitsa zida zawo m'madzi enieni, n'kubwera atapsa ndi dzuwa. Oweta ndi oyeza amafunana, chifukwa oweta amadyera miyezo ya oyeza, ndipo oyeza sangayeze nyanja yonse, amadalira oweta kuti alumikize mipata. Koma akakumana amanyozana ngati asuweni. Mkulu wa oyeza anali mayi Jenoveva, a ku Angonia, kuseri kwa malire, olankhula chilankhulo chathu chomwechi. Sitima yawo inali pafupi kunyamuka kulowera chakumene kuli phiri lija.

Dzinkambani anapita kudoko atavala nsapato zopolisha.

"Ee, asuweni a m'nyumba yozizira!" anafuula mayi Jenoveva ali pamwamba pa sitima. "Lero mwasochera? Samalani, awa ndi madzi enieni, amanyowetsa."

"Ndabwera kudzapempha, asuweni. Mundinyamule, mukatsitse chida chanu pamalo amodzi."

"Pali chiyani pamenepo?"

"Malinga ndi kompyuta yanga, pali mwala."

"Ndiye tiyende ulendo wonsewo kukaona mwala? Ku Mwanza miyala inatha?"

Anawafotokozera zonse: za phiri, za kadontho kamene anasalaza, za manachesi ndi nkhwangwa. Mayi Jenoveva analeka kuseka.

"Kadontho kameneko nanenso ndinakaonapo," anatero. "Kaya n'koona, kaya ndi tulo ta munthu, sindikudziwa. Palibe anabwererako. Sitimayi ili ndi njira yake, koma tipatuka kamodzi. Kamodzi kokha, mwamva? Ndipo mukasanza mukolopa nokha."

Asanakwere, Dzinkambani anaimbira mkulu wake.

"Achimwene, ndikupita kukaona ndi maso. Musadule kanthu mpaka ndiimbe."

"Iwe? Pamadzi? Nanga akakugwedeza ndani kuti mwawoloka?" A Sandalamu anaseka pang'ono, kuseka kopanda mchere. "Pita. Koma manachesi akutha m'mitengo, ndipo nkhwangwa ndanola kale. Akatha, ine sindidikira chiswe."

Dzinkambani anakwera sitima.

Za ulendowo tisanene zambiri, chifukwa ena mwa inu mwangodya kumene. Nyanja yeniyeni inalibe ulemu. Panalibe amene anaisalaza. Mafunde ankabwera aakulu ngati zitunda, sitima n'kukwera mpaka kukagogoda kumitambo, n'kutsika mpaka mtima kutsala m'mwamba. Dzinkambani anasanza zimene anadya m'mawa, anasanza za dzulo, mpaka anasanza phala limene anamwa ali mu sitandade wani. Akuti nsomba zinkatsatira sitimayo zitanenepa, zina zikuitana abale awo. Nsapato zopolisha zija zinayera mbuu ndi mchere. Foni yake inalibe netiweki. Tsiku lililonse akagona chagada ankaona manachesi akuthyoledwa, mtengo uwu kutha, uwo kutha, ndi nkhwangwa itatsamira pakhonde.

M'mawa wina injini inachepetsa phokoso. Anali atafika pamwamba pa phiri.

Sitimayo inali ndi makina omvera pansi, amene amaponya mawu m'madzi n'kudikira kuti abwerere. Koma pamalo amenewa makinawo ankangobwebweta. Pakati pa mapiri mawu amabwerera mbali zonse, ngati munthu wafuula m'phanga. Choncho panalibe kuchitira mwina koma kutsitsa chida chenichenicho.

Chidacho chinali chitsulo chachikulu chozunguliridwa ndi mabotolo, ngati kireti ya zakumwa ya chimphona. Chinkayeza kuzizira, mchere ndi liwiro la madzi, n'kumatumiza manambala kudzera mu waya wautali umene chinamangidwako. Kunsi kwake kunali kabelu kolira chikayandikira pansi. Chida chimenecho chinali chimodzi chokha pa sitima yonse, ndipo mayi Jenoveva ankachisamala kuposa mwana wobadwa yekha.

Anachiponya m'madzi. Waya anayamba kutsika. Dzinkambani anaima kuseri kwa mayi Jenoveva, atagwira mpando, maso ali pa manambala. Kuya kumene kompyuta yake inaika msonga ya phiri ankakudziwa ngati dzina lake. Waya anatsika, madzi ofunda anatha. Anatsikabe, kuwala kunatha. Nambala ija inayandikira, n'kuyandikirabe.

"Imitsani!" anakuwa Dzinkambani. "Chigunda mwala!"

Makina okoka waya anaima. Mayi Jenoveva anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Kabelu sikanalire, asuweni. Koma nako pamaphompho kamatha kunama. Chida n'changa, mwala ndi wanu. Nenani. Tikoke kapena titsitse?"

Taganizani mmene zinalili. Akati tikoke, abwerera osadziwa kanthu, munda n'kugwa. Akati titsitse, mwala n'kukhalapodi, ndiye kuti waphwanya chida cha eni ake, munda n'kugwabe. Mwala ukapanda kukhalapo, ndiye kuti ntchito imene anainyadira zaka zonsezi ili ndi chibowo, ndipo sitima yonse iona. Njira yokhayo yopulumutsira manachesi inali yakuti iye apezeke wolakwa pamaso pa asuweni ake onse.

Dzinkambani anachotsa manja pampando uja.

"Tsitsani," anatero.

Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, munthu wophunzira uja anapemphera ndi mtima wonse kuti akhale wolakwa.

Waya anayambanso kuyenda, pang'onopang'ono. Nambala ya mwala inafika. Inadutsa. Kabelu kali chete. Waya akutsikabe. Anthu a m'sitima anayamba kuunjikana pakhomo, ena atanyamula makapu.

"Asuweni," anatero mayi Jenoveva osachotsa maso pa manambala, "malinga ndi kompyuta yanu, panopa tikuboola thanthwe. Sindinkadziwa kuti chida changachi chinaphunzira ntchito ya m'migodi."

Palibe anaseka, chifukwa nthawi yomweyo nambala ya kuzizira inagwa ngati yaterereka. Panja wina anafuula kuti waya wapendekeka. Onse anathamanga kukaona. Zoonadi, waya sanalinso chilili. Anali atakokedwera kumbali, ngati mbedza imene yagwidwa ndi nsomba yaikulu. Pansi pamenepo, m'kati mwa phiri limene Dzinkambani analisalaza, munali chigwembe chopapatiza koma chakuya kwambiri, ndipo madzi ozizira ankadutsamo mwamphamvu, mtsinje wathunthu mu mdima. Sankasowa kukwera pamsonga pa phiri. Anali ndi khomo lawo, ndipo khomolo linali pansi kwambiri moti ngakhale madziwo atachepa, akanadutsabe. Amene anasiya kadontho kaja sankawodzera.

Patapita nthawi kabelu kanalira, kutali pansi pa mwala wa m'kompyuta.

Atakoka chidacho, mayi Jenoveva anatsegula botolo limodzi la pansi penipeni.

"Tambasulani manja, asuweni. Moni wa ziweto zanu."

Anamuthira m'manja. Madziwo anali ozizira moluma mpaka m'mafupa. Dzinkambani anawayang'ana, n'kusamba nawo kumaso, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pa sitima, misozi ikusakanikirana ndi mchere. Munthu wolakwa wosangalala choncho sanaonekepo panyanja.

"Musavine kwambiri," anatero mayi Jenoveva atayang'ananso manambala. "Madziwa ngozizira, inde. Koma kuseri kwa phirili akale anayezako, ndipo anawapeza ozizira kuposa apa. Afundako pang'ono. Kompyuta yanu sinaname zonse. Dziko likutenthadi. Chimene inalakwa ndi khomo basi."

"Ndamva," anayankha Dzinkambani. "Koma foni. Ndipatseni foni."

Woyendetsa sitima anali ndi foni yake yodzera kumwamba, yosasowa netiweki. Anamubwereka. Inaitana, inaitanabe. Itayankhidwa, chinthu choyamba chimene Dzinkambani anamva chinali kupuma kwa munthu wotopa ndi ntchito yolemetsa.

"Achimwene! Ikani nkhwangwa pansi!"

"Ndani? Ukumveka ngati uli mu mgolo."

"Ndine! Madzi akuyenda! Phiri lili ndi mpata!"

"Phiri lake liti? Iwe, wamwa madzi amchere?"

"La pansi pa nyanja, achimwene. Lili ndi chigwembe, madzi akudutsa bwinobwino. Ine ndinachisalaza ndi dzanja langa, ndiye mu kompyuta munalibe khomo."

"Ndiye kompyuta inanama."

"Sinaname. Inayankha bwino za nyanja imene ndinaipatsa. Koma nyanja imeneyo si iyi ili kunoyi."

A Sandalamu anapumira m'mwamba, mpweya wautali ngati tayala la thirakitala likuphwa.

"Mwana iwe. Mwana iwe! Ukanachedwa pang'ono ukanapeza bwalo la mpira. Manachesi anatha dzulo. Umodzi ndagwetsa kale."

"Uti?"

"Uja wa pachulu. Wowawasa uja, umene bambo ankathyolera alendo okhalitsa."

"Enawo?"

"Ali chilili. Ndinayambira wowawasa chifukwa manja ankakana. Ndauzungulira munda wonse m'mawa uno kufuna wachiwiri, uliwonse ukundiyang'ana ngati mwana." "Ndiye tanena bwinobwino, usandibisire. Mvula ibwera?"

"Izibwera, achimwene. Koma zaka zina izivuta, chifukwa kutentha kukukweradi. Muziphimbira m'tsinde ndi udzu. Mukumbe maenje osunga madzi pakati pa mizere."

"Basi? Imeneyo ndi ntchito, si maliro. Ntchito ndiitha ine. Koma mphwanga, tsiku lina ukadzafuna kusita, uzisita malaya. Nyanja uisiye ndi makwinya ake."

Dzinkambani atabwerera kumtunda anatsegula nyanja yake, n'kupita pa phiri lija, n'kukumba chigwembe pamalo pake, motsata miyezo ya mayi Jenoveva. Mabokosi a pamenepo anawachepetsa kuti khomolo likwanemo. Kompyuta inadandaula, inatsamwa, inazima kangapo, koma potsiriza inameza. Madzi ozizira anadutsa. Ataithamangitsanso kutsogolo, dera la kwawo silinafiire ngati katondo. Silinabiriwirenso kwenikweni. Linakhala pakatikati, ngati nachesi loyamba kupsa. Ndipo ulendo uno asanauze munthu aliyense, anayamba wafufuza malo ena onse amene anasalaza, n'kukawapereka kwa oyeza kuti akadutsako akatsitse chingwe. Ena anapezeka osalaladi. Ena ayi. Sitima ikamapita, nthawi zina ankakwera nawo, ndipo nsomba zinkamulandira ngati mbale wawo.

Chaka chotsatira, nyengo yozizira, kunafika thumba kuchokera ku Mwanza, litadutsa m'manja mwa madalaivala ambirimbiri. Linali lodzaza manachesi, fungo lake mpaka kompyuta inayetsemula. Pamwamba penipeni panali khala limodzi lakuda, la mtengo wowawasa uja. Panalibe uthenga wina. Manachesiwo Dzinkambani anagawana ndi asuweni ake a pasitima. Khala lija analiika pambali pa batani, pamene dzanja lake limadutsa likamapita kukasalaza.

Tsono inu amene mukumva, musati nkhaniyi ndi ya anthu a makompyuta okha. Aliyense wa ife amaweta kanyanja kake m'mutu: mmene amaonera mnansi wake, mwana wake, mawa lake. Dziko ndi lalikulu, mutu ndi waung'ono, ndiye kuti zikwanemo timasalaza. Pamenepo palibe tchimo, ndipo kanyanja kanuko musakataye, kamakuthandizani kuona kutali. Koma kumbukirani pamene munadutsitsa dzanja. Kadontho kamene munakafuta chifukwa sikankagwirizana ndi zinazo, mwina ndi komwe kuli khomo. Ndiye musanatulutse mawu oti mbale wanu anolere nkhwangwa, kwerani sitima ngakhale mukuopa madzi, mukafike pamalopo, ndipo akakufunsani kuti tikoke kapena titsitse, muziti tsitsani.